Pulagini ya saturation imene ndinagula chaka chatha: mawu ake ndi okoma, koma imanama pa latency

Mnzanga wina amene amajambula makwaya anandifunsa ngati pulagini ya saturation (kapulogalamu konenepetsa mawu posakaniza nyimbo) imene ndinagula chaka chatha ndi yoyenera kuitayira ndalama, ndipo ndinaona kuti yankho lalifupi lingamusocheretse. Ndakhala ndikuigwiritsa ntchito posakaniza nyimbo za makasitomala, komanso ngati muyezo woyerekezera mapulagini amene ndimalemba ndekha mu chinenero cha kompyuta cha C++ pogwiritsa ntchito JUCE, zida zolembera mapulogalamu a mawu. Inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya kunja imene imagulitsa katundu wake pa intaneti pokha.

Zimene zimayenda bwino sizifuna mawu ambiri. Imatseguka msanga ngati VST3 (mtundu wodziwika wa mapulagini), sinagwetsepo pulojekiti, ndipo siilemetsa kompyuta ngakhale itaikidwa pa matiraki ambiri. Batani lake losunga voliyumu pamalo amodzi pamene mukuwonjezera drive (mphamvu ya saturation) ndi lothandiza, chifukwa khutu limakonda kuyamikira chilichonse chimene changokwera voliyumu. Pa besi ndi pa mawu a woimba wamwamuna imapereka kunenepa kumene ndimafuna.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi mmene imathanirana ndi aliasing, mafunde osafunika amene amabadwa mawu akawoloka malire a digito. Saturation imapinda funde la mawu, ndipo kupindako kumabala mafunde ena otchedwa ma harmonic pamwamba pa funde loyambalo. Pa mlingo wa 44.1 kHz (ma sample, kapena kuti tizidutswa ta mawu, 44,100 pa sekondi), mawu a digito sangasunge funde loposa theka la mlingowo, lomwe ndi 22,050 Hz, malire odziwika ndi dzina la Harry Nyquist, ndipo chilichonse chowoloka malirewo chimabwerera pansi n'kukatera pamalo osagwirizana ndi nyimbo. Nditalowetsa funde la sine la 10 kHz, oversampling (kukweza mlingowo mkati mwa pulagini) ili yozimitsa, harmonic yachitatu ya 30 kHz inaoneka pa 14,100 Hz, ndipo yachisanu ya 50 kHz inatera pa 5,900 Hz, pansi pa funde limene ndinalowetsa. Zimenezi n'zimene zimachititsa kuti ma cymbal azimveka okanda m'khutu. Nditaika oversampling pa 4x, kutanthauza kuti mkati mwake ikugwira ntchito pa 176.4 kHz, mizere iwiriyo inazimiririka pa spectrum, ndipo mawu a pamwamba sanafooke. Sefa imene oversampling imadalira pochotsa mafunde owoloka malire, yodula mwamphamvu koma osadya mawu a pafupi ndi 20 kHz, si yapafupi kuilemba, ndipo amene anaipanga amaidziwa ntchito yake.

Vuto lili pa sefa yomweyo. Sefa ya FIR yosasokoneza phase imachedwetsa mawu ndi ma sample angapo, ndipo ndi udindo wa pulagini kuuza DAW (pulogalamu yojambulira ndi kusakanizira nyimbo) kuchuluka kwa kuchedwako, komwe kumatchedwa latency, kuti matiraki ena onse adikire mofanana. Pulaginiyi ili ndi batani lolola kuti muzimvera pa 2x pamene mukugwira ntchito, kenako ikwere yokha kufika pa 8x pa nthawi yotulutsa fayilo yomaliza. Lingaliro lake ndi labwino chifukwa limapepukitsa kompyuta. Koma ikakwera chotero, imapitiriza kunena latency ya 2x.

Ndinazindikira izi pa nyimbo ina imene ng'oma zake ndinazitumiza ku basi (njira yodutsitsira mawu a matiraki angapo pamodzi) yapadera yokhala ndi pulaginiyi, n'kuzisakaniza ndi ng'oma zosakhudzidwa. Mu situdiyo zinkamveka zodzaza, koma mwini nyimbo atamvera fayilo imene ndinamutumizira anadandaula kuti snare ikumveka ngati ikuimbidwa mkati mwa paipi. Ndinatsegulanso pulojekiti ndipo zonse zinali bwino. Ndinatulutsanso fayilo ndipo vuto linabwerera. Kuti ndipeze gwero lake, ndinadutsitsa sample imodzi yokha ya mphamvu mu basiyo, ndi kuyerekezera malo amene inatulukira mu fayilo ndi malo a tiraki yosakhudzidwa. Inali itachedwa ndi ma sample 32, omwe ndi pafupifupi 0.73 ms. Kuchedwa kochepa chotero khutu silikumva ngati kubwereza kwa mawu, koma mafunde awiriwo akaphatikizana amafafanizana pa 689 Hz, pa 2,067 Hz, pa 3,445 Hz ndi kupitirira, ndipo m'dera limeneli ndi mmene muli thupi ndi kuthwa kwa snare. Choipa kwambiri n'chakuti vutoli limabisala pamene mukumvera ndipo limaonekera mu fayilo imene ikupita kwa wolipira.

Kwa munthu wolemba mapulagini, chimapweteka n'chakuti kukonza kwake si nkhani yaikulu. Mu JUCE pali setLatencySamples, ndipo VST3 ili ndi njira yodziwitsira DAW kuti latency yasintha. Amene safuna kudalira kuti DAW iliyonse imvera uthengawo pakati pa ntchito amangoika kuchedwa kumodzi, kwa mlingo wapamwamba, n'kuwonjezera ma sample odikira pa milingo yotsika kuti chiwerengero chisasinthe. Pa mapulagini anga ndimatsata njira yachiwiriyi.

Ndinalembera kampaniyo ndi kutumiza zithunzi za mayesowo pamodzi ndi pulojekiti yaing'ono yosonyeza vutolo. Anayankha mwaulemu koma ananena kuti mwina cholakwa chili ndi DAW yanga. Ndinabwereza mayesowo mu DAW ina, zotsatira zinali zomwezo, ndipo nditawatumiziranso anangoti nkhaniyo aipereka kwa olemba pulogalamu. Panadutsa miyezi popanda uthenga. Kenako kunabwera kalata yotsatsa version 2, ndipo pa mndandanda wa zosintha panalembedwa kuti akonza kanenedwe ka latency pa nthawi yotulutsa fayilo. Version 1 anati sadzaikonzanso, ndipo kuti ndipeze yatsopanoyo ndiyenera kulipira pafupifupi theka la mtengo umene ndinagulira.

Tsiku limene ndinawerenga kalatayo ndinali wokonzeka kuichotsa pa kompyuta. Kulipiritsa zinthu zatsopano n'kololeka, pakuti kampani yaing'ono iyeneranso kudya, koma kukonza chinthu chimene chinali cholakwika kuyambira tsiku logula si chinthu chatsopano. Kwa ife amene timalandira makwacha n'kumagula m'madola, nkhaniyi ndi yolemera kuposa mmene iwo angaganizire: kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kulipira kunja ndi khadi la banki kumadalira ngati ndalama zakunja zilipo mwezi umenewo.

Mtima utatsika ndinaisiya pomwepo, chifukwa pa besi sindinapeze ina yoiposa pa mtengo wake. Ndinazimitsa batani lokweza oversampling potulutsa fayilo, n'kuikhazika pa 4x nthawi zonse, ndipo mayeso a sample imodzi aja tsopano amatera pamalo oyenera. Kompyuta imalemera pang'ono koma fayilo imafanana ndi zimene ndamva. Amene amaika pulagini mwachindunji pa tiraki imodzi, popanda kusakaniza ndi mawu osakhudzidwa, mwina sadzakumana nalo vutoli, ndipo kwa iwo ndi katundu wabwino akamugula pa nthawi ya mitengo yotsitsa. Ine version 2 sindiilipira. Ndawalemberanso kupempha kuti akonze version 1 kapena apereke yatsopanoyo kwaulere kwa amene tinawasonyeza cholakwacho, ndipo kalata imeneyo sanaiyankhe.