Bolodi lotsatira liyambe ndi chiti: M.2, magetsi kapena NPU?

Ambiri akamakamba za kompyuta ya bolodi limodzi yotsatira amathamangira kupempha purosesa yothamanga. Koma tikayika Raspberry Pi 5 ya mu 2023 pambali pa mabolodi okhala ndi purosesa ya RK3588, monga Radxa ROCK 5B ndi Orange Pi 5 Plus, kusiyana kwenikweni kuli kwina. Onsewa ali ndi ma core anayi a Cortex-A76. Pothina ndi posungira zinthu ndi pa magetsi.

Tiyambe ndi posungira. Pi 5 ili ndi njira imodzi yokha ya PCIe 2.0 (msewu wa data wolumikiza purosesa ndi zipangizo zina), yotulukira pa kalamba kopyapyala ka mapini 16. Kuti muike NVMe (SSD yothamanga yolowa m'malo olowetsera otchedwa M.2) mufunika kabolodi koonjezera monga M.2 HAT+, yomwe imalandira ma SSD aafupi okha, 2230 ndi 2242, ndipo liwiro silipitirira 500 MB pa sekondi. Mukalemba dtparam=pciex1_gen=3 mu config.txt limakwera pafupifupi kawiri, koma opanga sanatsimikize kuti liwiro limeneli ndi lodalirika. Kalambako kakapindika kapena kakapanda kulowa bwino, SSD imangosowa. ROCK 5B ili ndi malo a M.2 2280 kunsi kwa bolodi, njira zinayi za PCIe 3.0, sikuluwu imodzi basi.

Ena akuti bola eMMC, chipu yosungira zinthu yowotcherera pabolodi. N'zoona kuti siigwedera ngati khadi ya microSD, komanso imapirira kulembedwa pafupipafupi. Koma ikaonongeka, kuisintha n'kufuna makina otenthetsera, ndipo kukula kwake mwasankhiratu tsiku logula. Apa M.2 yapambana, makamaka ngati njira za PCIe zitakhala ziwiri kapena kuposa.

Nkhani ya magetsi anthu amaipeputsa. Pi 5 imafuna 5V pa 5A, muyezo womwe machaja ambiri a USB-C sapereka. Mukaipatsa chaja ya 3A imayaka ndithu, koma madoko onse a USB amagawana 600mA m'malo mwa 1.6A, ndiye disiki yakunja imangodina n'kuzima. Werengani nokha: chingwe cha 0.1 ohm chikanyamula 5A chimadya theka la volti, bolodi n'kulandira 4.5V, pomwe chenjezo la kuchepa kwa magetsi limabwera pa 4.63V. Mphamvu yomweyo pa 12V ndi pafupifupi 2A yokha, chingwe n'kudya 0.2V. N'chifukwa chake kulandira 9V kapena 12V kudzera mu USB PD (njira yomwe bolodi limakambirana ndi chaja za volti yomwe likufuna) kuli bwino. Mtengo wake ulipo: pafunika kachipangizo kotsitsa volti, komwe kamadya malo ndi kutentha. Ndipo kukambirana ndi chaja kuzichitika bolodi likangolumikizidwa. Mabolodi omwe amadikira Linux kuti ichite zimenezi amatha kumangoyaka n'kuzima, chifukwa chaja imatopa kudikira n'kudula magetsi.

Nanga NPU, kachipangizo kofulumizitsa ntchito za AI? RK3588 ili nayo ya 6 TOPS (muyezo wa liwiro lake) m'kati, pomwe Pi 5 imadalira AI HAT+ ya Hailo, ya 13 kapena 26 TOPS. Ya m'kati mumailipira ngakhale simuigwiritsa ntchito, ndipo imakalamba limodzi ndi bolodi. Yakunja ndi yamphamvu, koma imalanda njira imodzi ija ya PCIe, SSD n'kusowa pokhala pokhapokha mutaonjezera chogawira. Tabwereranso pomwe tinayambira paja.

Zina n'zazing'ono koma zimanyansa. Micro HDMI ya Pi 5 imagwedera chingwe chikangokokeka pang'ono. Doko limodzi lalikulu la HDMI lingakwanire ambiri. Pi 5 inachotsanso chopanikizira kanema wa H.264 chomwe Pi 4 inali nacho, moti woika kamera amatenthetsa purosesa pachabe. Doko la netiweki la 2.5 Gb, lomwe Orange Pi 5 Plus ili nawo awiri, n'lothandiza pokhapokha posungira pali pachangu, choncho lidikire kaye M.2 ilowe pabolodi.