Ndemanga pa zithunzi zisanu ndi chimodzi zophatikiza nthano zakale za ku China ndi dziko la m'tsogolo

Zithunzi zimenezi zimagulitsidwa pamodzi zisanu ndi chimodzi, chilichonse pa pepala la saizi ya A2, ndipo ndinazigula pa intaneti kwa wogulitsa wina wamng'ono amene amasindikiza ntchito za wojambula wa ku China wa masiku ano. Wojambulayo amatenga anthu ndi zinthu za m'mbiri ndiponso za m'nthano za kwawo n'kuziika m'dziko la maloboti, zombo zam'mlengalenga ndi mizinda yofika kumitambo. Zakhala pakhoma nthawi yokwanira kuti chidwi cha poyamba chizizire, ndipo maganizo anga ndi akuti zinayi ndi zabwino zedi, chimodzi n'chapakatikati, pomwe chimene wogulitsayo amachiika patsogolo potsatsa malonda ndicho chofooka kuposa zonse.

Pepala lake ndi lokhuthala komanso losanyezimira, kotero kuti ngakhale kuwala kwa pazenera kukagwerapo munthu amaonabe mizere ing'onoing'ono bwinobwino. Zinabwera zokulungidwa m'chubu cha katoni, ndipo zinatenga nthawi zitapanikizidwa pansi pa mabuku olemera kuti ziwongoke. Ngodya imodzi inali yopindika, koma felemu inaibisa. Mafelemu sali m'gulu la zimene mumalipira, choncho wogula awerengeretu ndalama ya kalipentala ndi ya galasi.

Chithunzi chimene chinandikopa kuti ndigule ndi cha Chang'e. M'nthano za ku China, Chang'e anali mkazi wa Houyi, katswiri woponya mivi amene anagwetsa madzuwa asanu ndi anayi mwa khumi omwe ankatentha dziko, ndipo mkaziyu atamwa mankhwala a moyo wosatha anauluka n'kukakhala kumwezi, kumene mnzake ndi kalulu wosinja mankhwala mumtondo. Kalulu ameneyu si wachinyengo ngati uja wa m'nthano zathu. Ndi wofatsa komanso wakhama pa ntchito. Wojambulayo waika Chang'e atakhala pamphepete mwa chidzenje cha kumwezi, atavala mkanjo wamanja aatali wa makedzana, chisoti cha oyenda m'mlengalenga chili pambali pake, ndipo kalulu uja wasanduka kagalimoto ka mateyala asanu ndi limodzi, kamene makutu ake ndi masola. Ubwino wa lingaliro limeneli ndi wakuti wojambulayo sanalipeke yekha. Dziko la China linatcha zombo zake zopita kumwezi dzina la Chang'e, ndipo kagalimoto kamene chombo cha Chang'e 3 chinatsitsa pamwezi mu Disembala 2013 kanatchedwa Yutu, dzina la kalulu yemweyo. Mu Januwale 2019 chombo cha Chang'e 4 chinakhala choyamba kutera bwinobwino mbali ya mwezi imene sitiiona tili pansi pano, ndipo popeza mbali imeneyo siingalumikizane mwachindunji ndi dziko lapansi, mauthenga ankadutsira pa setilaiti yotchedwa Queqiao, dzina lochokera m'nthano ya mbalame zimene zimapanga mlatho kuti okondana awiri olekanitsidwa azikumana kamodzi pachaka. Pamwamba pa chithunzicho, kudzanja lamanja, pali timbalame takuda ndi toyera tondondozana, ndipo mukayandikitsa maso mumaona kuti mapiko ake ndi a chitsulo. Amene sadziwa za setilaitiyo angaganize kuti ndi zokongoletsa chabe.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu kwa wogulitsa. M'chubumo munalibe ngakhale kapepala kamodzi kofotokoza nkhani za zithunzizi, kupatula mitu yaifupi ya m'Chitchaina yolembedwa pansi pa chilichonse. Luso la wojambulayu lagona pa kudziwa nthano zakwawo, ndiye kugulitsa ntchito yotere kwa anthu akunja popanda mawu ofotokoza n'kumuchotsera theka la mphamvu zake. Ndinachita kufufuza ndekha, ndipo sindikudandaula kuti ndinatero, koma si wogula aliyense amene angakhale ndi nthawi imeneyo.

Chithunzi cha Nüwa, mulungu wamkazi wa m'nthano za ku China, ndicho chopambana pa zonse, ngakhale kuti ndicho chinasindikizidwa moipa. Nthano imati mulungu wina wotchedwa Gonggong, atakwiya, anagunda phiri la Buzhou limene linkachirikiza thambo, ndipo thambo linang'ambika, madzi anasefukira, moto unabuka. Nüwa anasungunula miyala ya mitundu isanu n'kumata pong'ambikapo, kenako anadula miyendo ya fulu wamkulu n'kuiimika ngati mizati m'ngodya zinayi za dziko. M'chithunzichi Nüwa wapachikika pa zingwe pamwamba pa mzinda womira m'madzi, akuwotcherera denga lalikulu lagalasi lomwe laphimba mzindawo, ndipo cheza cha moto wake chili ndi mitundu isanu. Patali pakuoneka mizati inayi yaikulu yokhala ndi mamba. Chimene ndimakonda n'chakuti wojambulayo sanamupange kukhala mfumukazi yovala zagolide; nkhope yake ndi yotopa, manja ake ndi akuda ndi mwaye, ndipo akuoneka ngati mmisiri amene waitanidwa usiku kudzakonza chimene ena anawononga. Nthanoyo ikunena kale za thambo lowonongeka ndi madzi osefukira, choncho kuisamutsira m'nyengo ya kusintha kwa nyengo sikunafune kukakamiza kulikonse. Vuto ndi inki. Pa kompyuta, m'munsi mwa chithunzichi mumaoneka timaboti ndi anthu ataimirira pamadenga, koma pa pepala gawo lonselo lada kwambiri moti anthuwo amangooneka masana okhaokha, ndipo ngakhale pamenepo muyenera kuima pafupi. Nditalembera wogulitsa, anayankha mwaulemu koma anangoti mitundu imasiyana pakati pa sikirini ndi pepala, zomwe ndi zoona, ngakhale kuti zithunzi zina zisanu zija sizinasiyane motero.

Chofooka chija ndi cha asilikali adothi a mfumu Qin Shi Huang. Asilikaliwa anapezeka m'chaka cha 1974 pafupi ndi mzinda wa Xi'an pamene alimi ankakumba chitsime, ndipo akuti alipo pafupifupi 8,000, oumbidwa kuti alondere mfumu yoyamba imene inagwirizanitsa China, yomwe inamwalira m'chaka cha 210 Khristu asanabadwe. Wojambulayo wangowapatsa maso ofiira owala ndi mawaya otuluka m'khosi, onse nkhope imodzi. Pamenepo walakwitsa chinthu chenicheni chimene chimadabwitsa anthu akaona asilikaliwa, chifukwa nkhope zawo ndi zosiyanasiyana, ndevu ndi kamangidwe ka tsitsi n'kosiyananso, ndipo poyamba anali opakidwa utoto wowala umene umakanganuka msanga akangofukulidwa n'kukumana ndi mpweya wouma. Kuwasandutsa gulu la maloboti ofanana n'kuwachepetsa. Komanso mbiri ya manda amenewa inali ndi zinthu zabwino kwambiri zoti wojambula wa zam'tsogolo agwiritse ntchito: wolemba mbiri Sima Qian analemba kuti mkati mwa manda a mfumuyo munapangidwa mitsinje ndi nyanja za mekyule (chitsulo chamadzimadzi chooneka ngati siliva) zoyendetsedwa ndi makina, denga lake likuonetsa zakuthambo, ndiponso munatcheredwa mauta odziwombera okha. Chipinda cha mandacho sichinatsegulidwe mpaka lero, koma akatswiri anapeza mekyule wochuluka m'dothi la pamalopo. Zonsezi wazisiya n'kusankha maso ofiira, mwina chifukwa ndi zimene zimagulitsa msanga.

Chithunzi cha Sanxingdui ndinachiopa ndisanachione bwino. Malo amenewa ali m'chigawo cha Sichuan, ndipo m'chaka cha 1986 kunafukulidwa maenje awiri odzaza ndi zinthu za mkuwa, golide ndi minyanga ya njovu za zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, kuphatikizapo chigoba chachikulu cha nkhope chokhala ndi maso otuluka kutsogolo ngati mapaipi, ndi mtengo wa mkuwa wotalika pafupifupi mamita anayi wokhala ndi mbalame zisanu ndi zinayi. Chifukwa chakuti nkhopezi n'zachilendo, pa intaneti pamayenda nkhani zakuti anazipanga ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena, zomwe akatswiri ofukula zakale amakana, ndipo kwa ine ndi chipongwe kwa amisiri amene anasungunula mkuwawo. Wojambulayo sanagwere m'mbuna imeneyo. Iye waika chigoba chija pamwamba pa phiri ngati nyumba yoonera nyenyezi, maso ake aatali aja ndiwo matelesikopu, ndipo m'munsi muli anthu wamba akukwera masitepe atanyamula zida zawo. Ndi anthu amene akuyang'ana kumwamba, osati alendo amene atsika kuchokera kumeneko. Utoto wobiriwira wa mkuwa wakale watuluka bwino kwambiri pa pepala limeneli.

Pa ziwiri zotsalazo, cha mmisiri Yan Shi, amene nthano imati anaonetsa mfumu Mu ya ufumu wa Zhou munthu wochita kupanga wodziwa kuimba ndi kuvina, n'chabwino, makamaka pamene chifuwa cha chidolecho chatsegulidwa n'kuonetsa zikopa, matabwa ndi guluu m'malo mwa mawaya. Cha mapiri ndi mitsinje, chimene mukachiyandikira mumapeza kuti mapiriwo ndi nyumba zosanja zounjikana, n'chokongola koma si chatsopano, chifukwa Yang Yongliang wa ku Shanghai anatchuka kale ndi kajambulidwe kameneka.

Mtengo wake si wotsika mukawonjezera ndalama yotumizira ndi ya mafelemu, ndipo wogulitsayo salola kugula chimodzichimodzi, zomwe zikutanthauza kuti amene akufuna Chang'e ndi Nüwa ayenera kulipiriranso asilikali a maso ofiira. Amene akufuna kukongoletsa ofesi mwachangu angapeze zotsika mtengo kwina. Koma kwa mphunzitsi wa mbiri kapena wa luso lojambula, ndiponso kwa aliyense amene ali wokonzeka kuwerenga nthanozi asanakhomere msomali, ndikuzipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Musanalipire, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha pepala lenileni la Nüwa lojambulidwa ndi foni, osati chimene chili pa tsamba lake la malonda.