Edwardian Script, Great Vibes kapena Monotype Corsiva: pa khadi la ukwati tiike iti?

Opanga makadi a ukwati ndi a chinkhoswe ku Nchalo, ku Ngabu mpaka ku Nsanje amakonda kuzungulira pa mafonti (masitayilo a zilembo) atatu opotana: Edwardian Script, Great Vibes ndi Monotype Corsiva. Pa kompyuta onse amawala. Kusiyana kwake kumaonekera khadi likatuluka m'pulinta, likadutsa pa WhatsApp, kapena mawuwo akapachikidwa panja padzuwa la mu Okutobala.

Yokopa maso kwambiri ndi Edwardian Script. Anaipanga ndi Ed Benguiat wa ku America mu 1994, motsanzira kalembedwe ka cholembera chachitsulo chosongoka, chija ukakanikiza mzere umanenepa, ukapepuza dzanja umatsala woonda ngati tsitsi. Imabwera pamodzi ndi Microsoft Office, n'chifukwa chake ili m'makompyuta ambiri. Koma kukongola kwake kuli pa timizere toondato, ndipo vuto lake lili pomwepo. Pulinta ikayamba kuchepa inki, timizereto ndi timene timayamba kuduka. WhatsApp nayo imafinya chithunzi, timizere n'kusanduka utsi. Zilembo zake zing'onozing'ono n'zofupika kwambiri poyerekeza ndi zikuluzikulu, moti saizi imene ikanakwanira pa font ina, pa iyi imaoneka ngati mwanyinyirika nayo.

Tayesani kulemba dzina loti Chimwemwe. C akutuluka bwino, mchira wake wapindika mochititsa kaso. Kuchoka apo, m, w, m, w zikungotsatizana, zonse zopendekeka mofanana, zonse zolumikizana, ndipo agogo amene alandira khadi ku Makhanga adzafunika mdzukulu kuti awauze amene akukwatiwa. Mayina athu ambiri ali ndi zilembo zimenezi, ndiye nkhaniyi si yaing'ono. Ine Edwardian ndimaivomereza pa mayina a akwati okha, olembedwa mokulitsa, papepala lolimba, pulinta ili bwino.

Great Vibes, ya Robert Leuschke, ili pa Google Fonts ndipo ndi yaulere ngakhale pa ntchito yolipiritsa. Mizere yake ndi yonenepako, kotero pafoni imaonekabe ngakhale khadi litadutsa m'magulu angapo a WhatsApp. Poti masiku ano oitanidwa ambiri amaonera khadi pafoni asanagwire la pepala, apa yapambana mnzake. Opangira makadi pafoni angathe kuitsitsa n'kuilowetsa mu pulogalamu ya PixelLab. Chilema chake ndi zilembo zikuluzikulu zokhala ndi michira yotambalala, zimene zimalowerera mzere wa pamwamba kapena wa pansi mukapanda kutalikitsa mizereyo. Ndipo Chimwemwe uja sanachiriretu, wangopezako bwino.

Monotype Corsiva anthu amainyoza. Akuti yatopetsa, chifukwa ili pa satifiketi iliyonse, pa pulogalamu ya maliro, ngakhale pa mndandanda wa zakudya m'malesitilanti. N'zoona, koma taonani chimene chinaifalitsa. Patricia Saunders anaipanga potengera kalembedwe ka alembi a ku Italy a m'zaka za m'ma 1500, ndipo zilembo zake n'zopendekeka koma sizilumikizana. Chilichonse chimaima pachokha, ndiye tsiku la ukwati, dzina la tchalitchi, holo ya madyerero ndi nthawi ya perekaniperekani zimawerengeka ngakhale zili zazing'ono. Imathandizanso pa mawu monga m'banja, ng'oma kapena Mang'anja: pa mafonti olumikiza aja kachizindikiro kapakati kamadula mzere, nthawi zina n'kukanirira pa chilembo chotsatira, pomwe pa Corsiva kamakhala pamalo pake. Ngati kasitomala akufuna kuti Malaŵi kapena dzina lake lilembedwe ndi ŵ, yesani kaye chilembocho pa font imene mwasankha. Ikakhala kuti ilibe, Word imangobwereka cha font ina mwakachetechete, ndipo chimaonekera patali.

Mukandifunsa ine, khadi labwino ndi la mafonti awiri: mayina pa Great Vibes, zina zonse pa Corsiva kapena pa font wamba yoongoka. Atatu onse pakhadi limodzi ayi. Kulemba mawu athunthu ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha pa Edwardian kapena Great Vibes, ayinso, palibe angawerenge.

Za chikwangwani cha saluni kapena cha shopu m'mbali mwa msewu wa M1 n'zina. Munthu ali pa kabaza kapena m'minibasi alibe nthawi yomasulira michira ya zilembo. Komanso zilembo zodula pa sitika zikakhala zoonda zilibe pogwirira, ndipo ndi kutentha kwa kuno, kumene nthawi yachilimwe kumapitirira madigiri 40, sizichedwa kumatuka m'nsonga. Pamenepo ngati mukufunabe zopotana, tengani zonenepa monga Lobster, ya Pablo Impallari, imenenso ndi yaulere pa Google Fonts.

Popita kokasindikiza, musanyamule fayilo ya Word. Kompyuta ya kumeneko ikakhala kuti ilibe Great Vibes, imaika font ina mosafunsa, makonzedwe onse n'kusokonekera. Sungani ngati PDF, ndipo ogwiritsa ntchito pulogalamu ya CorelDRAW musanatumize sandutsani mawuwo kukhala zojambula posankha Convert to Curves.