Ulendo wa ku Namib: Januwale kapena Julayi?

Amene mukukonza zokaona chipululu cha Namib ndi mapiri a Naukluft ku Namibia, musanaganize za galimoto yambani mwasankha mwezi. Nyengo za kumeneko zimayendera limodzi ndi zathu: Juni ndi Julayi kumazizira, Januwale ndi dzinja. Koma m'chipululu dzinjalo ndi dzina chabe.

Mu Januwale ku Sossusvlei, chigwa chozunguliridwa ndi mapiri a mchenga m'chipululumo, dzuwa limaswa mtengo. Masana kutentha kumatha kufika madigiri 40. Chipata chachikulu cha ku Sesriem, cholowera ku Sossusvlei, amatsegula dzuwa likamatuluka, kenako pali makilomita pafupifupi 60 a tala ndi enanso 5 a mchenga wokhawokha. Pofika pa Big Daddy, chiphiri chamchenga chopitirira mamita 300, kumakhala kutayamba kale kuwotcha, ndipo wovala masilipasi amabwerera panjira mapazi atapsa. Chimandiopsa kwambiri ndi madzi. Mvula ikagwa ku Naukluft, mtsinje wa Tsauchab, womwe nthawi zambiri umakhala wouma gwa, umasefukira mwadzidzidzi pomwe inu muli kumwamba kuli mbee. Musamange tenti m'khwawa, chonde. Chokoma chake n'choti alendo amachepa, ndipo zaka zina madziwo amafika mpaka ku Sossusvlei n'kudikha pakati pa mchenga wofiira.

Julayi ndi wofatsa masana, mumakwera mchenga osapuma wefuwefu. Usiku ndiye nkhani ina: kumapiri kuzizira kumatha kufika pa 0. Juzi yomwe imakukwanirani ku Dedza kuno siyokwana, onjezani bulangete lochindikala ndi chisoti chaubweya. Alendo ochokera ku Ulaya amachuluka nthawi imeneyi, choncho malo ogona sungitsani kukadali miyezi.

Okonda kuyenda pansi alibe chosankha. Njira ya makilomita pafupifupi 85 ya mu Fish River Canyon, chigwa chakuya cha kumwera kwa Namibia, imatsegulidwa kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala basi, chifukwa miyezi inayi kumatentha mowopsa ndipo madzi amasefukira.

Ku Swakopmund, tawuni ya kugombe la nyanja ya Atlantic, n'kwina. Madzi ozizira oyenda m'nyanjamo, otchedwa Benguela, amabweretsa nkhungu yokumbutsa chiperoni cha ku Thyolo, moti ngakhale mu Januwale juzi isatsale.

Pa miyezi iwiriyi ine ndasankha Julayi, popeza chisanu umachigonjetsa ndi bulangete pomwe mchenga wotentha ulibe pothawira. Koma amene tchuthi chikukulolani, pitani mu Meyi: kutentha kumakhala kutatha, chisanu chisanalimbe, ndipo mvula ikakhala kuti inagwa bwino, udzu wa m'zigwa za Naukluft umakhala ukuyamba kumene kuchita chikasu.