Miyezi 9 ndi Toyota 86 ya manyuwo m'misewu ya Lilongwe

Mwezi uno ndakwanitsa miyezi 9 ndili ndi Toyota 86 ya 2013, ya magiya 6 a manyuwo, yomwe ndinaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Itangofika ndinauza anzanga kuti chaka chisanathe ndiitsitsa kuti iyandikire pansi, ndiikira ekizosi yolira kwambiri, mwinanso turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini kuti ikhale yamphamvu. Mpaka lero sindinachite chilichonse mwa zimenezi, ndipo vuto si ndalama yokha.

Laisensi ndinatengera pa manyuwo, koma zaka 6 zotsatira ndinkangoyendetsa ka Vitz ka otomatiki, moti mwendo wamanzere unaiwala ntchito yake. Masabata awiri oyamba anali owawa. Kilatchi ya galimotoyi ndi yopepuka ndipo imagwirira pamwamba, sikuuza bwino pamene yayamba kukoka. M'mawa wina, pa mzere wa magalimoto pokwera kuchokera pa mlatho wa Lilongwe kulowera ku depoti, inandizimira katatu. Kumbuyo minibasi ikuliza hutala, akabaza akundidutsa uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Poopa kubwerera m'mbuyo ndinayamba kuigwira ndi theka la kilatchi, ndipo ndisanafike pamwamba fungo la kupserera linali litadzaza m'galimoto monse. Fungo limenelo linandipweteka mtima, chifukwa ndinkadziwa kuti chikupsacho sindingachipeze msanga m'mashopu a masipeya ku Malangalanga.

Anandiwongola ndi malume anga, omwe anakalambira pa chiwongolero cha mathiraki a ku Beira. Lamulungu lililonse m'mamawa tinkapita ku Kanengo, misewu ya kumafakitale ili zii. Tsiku loyamba sanandilole n'komwe kuponda moto. "Iwe, chotsa phazi pamenepo. Inyamule ndi kilatchi yokha, pang'onopang'ono, mpaka umve mphuno yake ikudzuka. Pamenepo ima kaye." Tinabwereza mpaka katumba wa mwendo anayamba kunjenjemera. Kenako anandipeza ndi chizolowezi china, chosiya phazi pa kilatchi galimoto ikuyenda ndiponso kuyembekeza pa maloboti ndili mu giya wani. Anati zimenezo zimatha release bearing, beringi yomwe imakankha kilatchi ukaiponda, nthawi isanakwane, ndipo kuti uisinthe umafunika kutsitsa giyabokosi yonse. "Nanga handibuleki anakuikira yachiyani?" Kuyambira pamenepo, ndikaima pachitunda ndimakoka handibuleki, ndipo fungo lija silinabwerenso.

Chomwe chinanditengera miyezi ndi kutsitsa giya popanda kugwedeza galimoto. Ukamachoka mu giya 4 kupita mu 3, injini imayenera kuzungulira mofulumirapo kuti ifanane ndi liwiro la matayala. Ukangosiya kilatchi osaonjezera moto, matayala ndi amene amakoka injini, ndipo popeza galimotoyi imakankha ndi matayala akumbuyo, pamsewu wonyowa kumbuyo kumatha kuterereka. Zinandichitikira kamodzi nthawi ya dzinja pa raundabauti, pang'ono chabe, koma ndinamva m'chiuno kuti galimoto yasuntha chammbali. Ndiye ndinaphunzira kugunda moto pang'ono kilatchi ili pansi, kenako n'kusiya. Tsiku lomwe zinatheka bwinobwino ndinali pa M1, nditadutsa pa toligeti ya Kalinyeke kulowera ku Dedza. Giya inalowa myaa, injini inangokweza mawu, mayi a kunyumba omwe anali pambali panga sanagwedezeke n'komwe. Ndalama zonse zomwe ndinalipira ku MRA ndinaziiwala tsiku limenelo.

Kunena zoona, galimotoyi si yamphamvu monga imaonekera. Injini yake ndi FA20 ya malita 2, ya boxer (masilinda ake anagona chammbali), yomwe Toyota anapanga mogwirizana ndi Subaru, ndipo imatulutsa mahatchi pafupifupi 200, koma mphamvuzo zili pamwamba, cha pa 7,000 rpm (injini ikuzungulira ka 7,000 pa mphindi). Cha pa 4,000 rpm pali malo pomwe imakhala ngati yapuma kaye, ndipo pamenepo ndi pomwe umakhala ukafuna kupitirira thiraki pa msewu wa ku Salima. Mankhwala ake ndi kutsitsa giya msanga, osadikira. Chimene ndimaikondera ndi chiwongolero. Umakhala pansi kwambiri, injini nayo inagona pansi, ndiye ukakhota imamvera nthawi yomweyo, ndipo mwala uliwonse umaumva m'manja.

Mafuta, thanki ndi ya malita 50. M'tauni ndimapeza makilomita pafupifupi 10 pa lita, ulendo wautali kuposerapo. Mafuta akasowa ndimangoiimika, sindigula a m'zigubu.

Za kuitsitsa ndinazisiyiratu. Pansi pake ndi pafupifupi masentimita 13 basi, ndipo ngakhale momwe ililimu mahampu ambiri ndimakwera chopingasa, tayala limodzi limodzi. Njira ya fumbi yopita kwa malume ku Area 25 nthawi ya mvula sindiyerekeza n'komwe, ndimaisiya pa tala n'kumaliza wapansi. Matayala ake ndi 215/45 R17, mphira wake ndi wochepa, ndipo dzenje limodzi lomwe linabisika m'madzi linatupitsa tayala lakutsogolo n'kupinda limu. Nditati ndiitsitse masentimita ena atatu, ndiye kuti ndaisandutsa galimoto ya pa Kenyatta Drive pokha.

Turbo nayo ndinaichotsa m'maganizo makaniko wanga atandikhazika pansi. "Bwana, injini iyi kompuresheni yake ndi 12.5, inapangidwira petulo wapamwamba, wa octane yokwera. Mukaiwonjezera mpweya, tsiku lomwe mwathira mafuta osalongosoka mudzaitola m'zidutswa." Ndi munthu yemwe akanadya ndalama yanga pa ntchitoyo, koma anakana, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Anandikumbutsanso kuti pa boxer ngakhale kusintha mapulagi ndi ntchito ya tsiku, chifukwa ali m'mbali mothinana.

Ndiye ndalama ikupita kuti? Choyamba matayala. Ku fakitale zina mwa galimotozi zinkatuluka ndi Michelin Primacy HP, matayala omwe ankaikanso pa ma Prius ena, dala kuti kumbuyo kuziterereka mosavuta. Zimenezo n'zokoma pa bwalo la mpikisano, koma pamsewu wodutsa ana asukulu, mbuzi ndi njinga za makala ndikufuna tayala logwira pansi mvula ikagwa. Mabuleki ndasintha kale mapadi ndi kuthira oyilo wa mabuleki wa DOT 4 watsopano. Oyilo wa giyabokosi ndinathira 75W-90 wabwino, ndipo giya 2, yomwe inkalimba m'mawa wa mu Juni kukuzizira, yafewako ndithu. Kusintha header (mapaipi otulutsa utsi mu injini) ndi kukonza kompyuta ya injini, zomwe zimachepetsa kupuma kwa pa 4,000 rpm kuja, ndaziika chaka chamawa, ndikapeza munthu yemwe ndamuona ndi maso anga akugwira FA20.

Malume akuti ndikadali ndi liuma pochoka mu giya wani kupita mu 2, ndimathamangira kusiya kilatchi. Lamulungu likubwerali tikubwereranso ku Kanengo, ndipo matayala anayi aja ndawalipirira kale theka.