Monaco kapena Pau, za kale nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe

Mukatchula mpikisano wa magalimoto wa m'misewu ya m'tauni aliyense amangothamangira Monaco, chabwino, inayamba 1929, William Grover-Williams n'kuwina pa Bugatti atazungulira maraundi 100, ndipo 1933 Achille Varzi ndi Tazio Nuvolari anapanikizana mpaka raundi yomaliza pomwe Alfa Romeo ya Nuvolari inafera panjira. Koma ine mtima uli ku Pau, ku France. 1933 anathamanga chipale chofewa chikugwa, Marcel Lehoux n'kuwina. Nanga 1938? René Dreyfus pa Delahaye yopanda mphamvu kwenikweni anagonjetsa Mercedes poti iyo inkamwa mafuta heve mpaka kuima kukathira, iye osaima olo kamodzi. Monaco inali ya mabwana andalama basi.