Kuyezetsa CRP pa chibayo m'makiliniki olipira a mu Lilongwe

Munthu akafika ndi chifuwa, kutentha thupi ndi kubanika, makiliniki ena olipira mumzinda muno amamuyezanso CRP, puloteni ya m'magazi imene imakwera thupi likamalimbana ndi matenda. Kuyezaku n'kwaphindu, koma zimatengera labu yake.

Tizilombo tikalowa m'mapapo, maselo oteteza thupi amatumizirana mauthenga otchedwa cytokine. Mwa mauthengawa, TNF-alpha ndi IL-1 amatenthetsa thupi, IL-8 amaitana maselo oyera kuti akhamukire m'mapapo, pomwe IL-6 amauza chiwindi kuti chipange CRP. IL-10 ndiye buleki. Chibayo chikakula, IL-6 ndi IL-10 amakwera onse, timitsempha ta m'mapapo timayamba kuchucha madzi, okosijeni n'kumalephera kulowa m'magazi. IL-6 sayezedwa pakiliniki wamba, choncho CRP ili ngati mapazi amene iye wasiya podutsa.

Mapaziwo amachedwa kuoneka. CRP imayamba kukwera pakatha maola 6 mpaka 8, imafika pachimake pafupifupi tsiku lachiwiri, ndipo matenda akagonja imatsika ndi theka pa maola pafupifupi 19. Woyezetsa tsiku lomwe wayamba kudwala angapatsidwe nambala yotsika chibayo chili mkati.

Labu ya makina timaiyamikira, chifukwa imapereka nambala. Kwa munthu wamkulu, pansi pa 20 mg/L nthawi zambiri si chibayo cha mabakiteriya, koma ikapitirira 100 chibayo choterechi n'chotheka kwambiri. Mukayezanso patatha masiku atatu akumwa mankhwala nambala osatsika, dokotala aganizire mafinya m'chifuwa, TB kapena mankhwala osagwira.

Imene sitikhutira nayo ndi ya latex. Amadontheza seramu (madzi otsala magazi akaundana) pakakhadi, kusakaniza ndi mankhwala, kupendeketsa uku ndi uku mphindi ziwiri, timibulu tikaoneka alemba "positive". Apa angokuuzani kuti yapitirira 6 mg/L basi, ndipo ngakhale chimfine chimafikapo. Musanalipire, funsani ngati akupatsani nambala. Yang'ananinso papepala: 12 mg/dL n'chimodzimodzi ndi 120 mg/L, miyezo iwiriyi imasiyana kakhumi, ndipo pamenepa anthu amasokonezeka.

Kuno kwathu malungo amakwezanso CRP, TB chimodzimodzi. Kiliniki yoyeza CRP osayeza malungo kwa wodwala wotentha thupi yadumpha poyambira. Mankhwala ngati prednisolone ndi matenda aakulu a chiwindi amatsitsa CRP.

Kukula kwa matenda kumaoneka kaye pa kapumidwe, ndiye onani ngati namwino wawerenga mpweya kwa mphindi yathunthu ndi kumuika wodwala kachipangizo ka okosijeni pachala. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 pa mphindi, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, akupuma mothamanga. Nthiti zikamalowa mkati, okosijeni akatsika pansi pa 90 peresenti, kapena mwana akakanika kuyamwa, musadikire pepala la ku labu. Pemphani kalata yopitira ku Kamuzu Central Hospital nthawi yomweyo.